Kuyeza mvula nokha ndi kumvetsa uthenga wa a zanyengo dzinja likamayandikira

Kuyambira pakati pa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, nyengo ya ku Malawi imapusitsa anthu kuposa nthawi ina iliyonse pachaka. Mvula yamabingu imatha kukhuthuka pa Lunzu mpaka ngalande kudzadza, pomwe ku Lirangwe chapafupi pompo fumbi likadali koboo. Dzulo lake wailesi inali italengeza kuti kumwera kugwa mvula ya apo ndi apo, ndipo sinaname. Chomwe wailesi singakuuzeni ndi kuchuluka kwa madzi omwe agwa pamunda panu, komanso pomwe alekezera polowa m'nthaka. Zimenezo mumayeza nokha, kenako n'kuziphatikiza ndi zomwe a zanyengo akunena za masiku akubwerawo. Zida zake si zambiri: chitini, sirinji kapena rula, kope, nsungwi yomangirira kansalu, ndiponso themometa ngati mungaipeze.

Chitini cha mvula

Pezani chitini chowongoka, chosapindika, chosadontha, chotalika masentimita 15 kapena kuposerapo. Chachifupi chimataya madzi chifukwa madontho a mvula yamphamvu amadumphira kunja. Zitini za mkaka wa ufa ndi za penti zimakhala ndi mlomo wopindikira mkati. Mlomowo uduleni kuti kukamwa kufanane ndi pansi. Ndowa ndi beseni zisiyeni, n'zotambalala kukamwa koma zopapatiza pansi, ndiye mukaviikamo rula zimakuonetsani mvula yochuluka kuposa yomwe yagwa.

Rula imathandiza mvula ikakhala yambiri: muimike chilili pansi pa chitini n'kuwerenga mamilimita pomwe madzi alekezera. Onani kaye ngati ziro wa rula yanu ali kunsonga kwenikweni, poti marula ambiri a kusukulu amasiya kampata kopanda manambala, ndipo kampatako kamakuberani mamilimita angapo tsiku lililonse. Pa mvula yochepa, sirinji yopanda singano ya mamililita 20 ndiye yolondola. Masamu ake mumachita kamodzi basi. Yezani kukamwa kwa chitini kuchokera mbali ina kufika mbali ina kudutsa pakati, mkati mwake. Tinene kuti mwapeza masentimita 10. Theka lake ndi 5. Chulukitsani 5 ndi 5, yankho lake mulichulukitsenso ndi 3.14, mupeza 78.5. Gawani ndi 10, mupeza 7.85. Ndiye kuti pa chitini chimenecho mamililita pafupifupi 8 ndi milimita imodzi ya mvula. Mukakoka mamililita 94, kwagwa mamilimita 12. Mukachita mwayi wopeza chitini cha masentimita 11.3 kukamwa, masamu amaphweka, chifukwa mamililita 10 ndi milimita imodzi ndendende. Nambala yanuyo ilembeni pachikuto cha kope. Ubwino wina wa sirinji ndi woti mungagwiritse ntchito botolo la pulasitiki lodula pamwamba ngakhale pansi pake pali pa mabampu, bola mwayeza kukamwa kwake bwinobwino.

Malo oyika chitini ndi omwe amasokoneza anthu ambiri. Chitalikirane ndi mtengo kapena nyumba kawiri kutalika kwa chinthucho: mtengo wa mango wa mamita 8 ufunika kukhala mamita 16 kuchokera pachitini. Pafupi ndi khonde madzi a padenga amathovokeramo. Pamwamba pa denga mphepo imauluza madontho ndipo mumapeza mvula yochepa. Zoyezera za kumasiteshoni a zanyengo zimakhala masentimita 30 kuchokera pansi, koma pakhomo pomwe pali mbuzi, nkhuku ndi ana, zikani mtengo wofika m'chiuno n'kumangirirapo chitinicho ndi mphira kapena waya. Kukamwa kwake kupitirire nsonga ya mtengowo, ndipo kusapendekeke. Thirani madzi mpaka kudzadza kuti muone ngati akufika mofanana mbali zonse. Ngati munda uli kutali ndi nyumba, chitini chofunika ndi cha kumunda.

Dzuwa la Novembala limamwa madzi m'chitini chachitsulo. Chipakeni penti woyera kunja, ndipo vindikirani ndi mutu wa botolo wozondotsa wokwana bwino kukamwa kuti nthunzi isathawe. Mvula ikagwa m'mawa n'kukata, yezani nthawi yomweyo, lembani pambali, khuthulani, ndipo mawa lake muphatikize.

Kope

Werengani chitini 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, nthawi yomwe nawonso a zanyengo amawerengera. Zomwe mwapeza zilembeni pa deti la dzulo, poti mvula yambiri ya nyengo ino imagwa masana ndi madzulo. Tsiku lomwe sikunagwe kanthu lembani 0. Tsiku lomwe simunawerenge jambulani kamzere. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo mukazisakaniza simungathe kuwerenga bwino masiku a ng'amba. Ngati munachokapo masiku atatu, lembani madzi onse omwe mwapeza n'kuonetsa kuti ndi a masiku atatu; musawagawe mongoganizira.

Kuti manambalawa akhale ndi tanthauzo, dziwani kuti milimita imodzi ndi lita imodzi pa kadera ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa ekala ndi malita pafupifupi 4,000. Mvula ya mamilimita 25 pa ekala imodzi ndi migolo 500 ya malita 200. Kumva chonchi zimaoneka ngati madzi ambiri, koma tsiku lotentha la mphepo mu Okutobala kapena Novembala limatha kuumitsa mamilimita 5 mpaka 8 panthaka yonyowa. Mvula ya mamilimita 6 yomwe yakondweretsa mudzi wonse madzulo, pofika mawa lake madzulo imakhala itapita.

Patsamba lililonse siyani mipata ya mvula, kutentha, komwe mphepo ikuchokera, mitambo, ndi mpata wina wolembamo zomwe wailesi kapena foni inalosera za tsikulo.

Kutentha ndi chinyezi

Themometa ikhale pamthunzi podutsa mphepo, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, kutali ndi khoma la njerwa ndi malata. Yopachikidwa pakhonde la malata imawonjezera madigiri angapo. Yoyikidwa padzuwa imayeza kutentha kwa galasi lake lomwe. Werengani kawiri: dzuwa lisanatuluke, komanso cha m'ma 2 koloko masana.

Musayerekeze nambala yanu ndi ya dera lina musanaganizire kukwera kwa malo. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera. N'chifukwa chake ku Ngabu ndi ku Nsanje, komwe kuli kotsika kwambiri, kumapitirira madigiri 40 miyezi imeneyi, pomwe ku Dedza, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba, anthu amafundabe usiku.

Nambala ya masana ndi yomwe anthu amakonda kutchula, koma ya m'mamawa ndi yomwe imanena zambiri za mvula. Mpweya wouma umataya kutentha usiku, motero kumayambiriro kwa Okutobala masana kumawotcha koma mbandakucha kumazizirako. Mukaona kuti kwa masiku atatu kapena anayi otsatizana kutentha kwa m'mamawa kukukwera, usiku thukuta silikuuma, ndiye kuti mpweya wachinyezi wafika. Kutentha kokha sikubweretsa mvula ngati chinyezi palibe. Pali masabata ena omwe dzuwa limaswa mtengo tsiku ndi tsiku popanda ngakhale dontho.

Amene ali ndi mathemometa awiri ofanana angayeze chinyezicho. Kulungani nsonga ya imodzi ndi kansalu kathonje koyera, kanyowetseni ndi madzi, kupizani ndi katoni kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kuwerenga onse awiri. Youma ikamaonetsa 30 ndipo yonyowa 20, chinyezi chili cha m'ma 40 pa 100, mpweya ndi wouma. Kusiyana kukakhala madigiri 5, chinyezi chili cha m'ma 67. Kukatsika kufika 3, chayandikira 80. Kansalu kakuda ndi fumbi kapena kouma theka kamanamiza, kasintheni sabata iliyonse. Wopanda themometa ayang'ane botolo la chakumwa chozizira lochokera mufiriji: masiku ouma limangochita mame pang'ono, koma chinyezi chikakwera limayenderera madzi mpaka kunyowetsa tebulo.

Mphepo ndi mitambo

Mangani kansalu kopepuka kunsonga kwa nsungwi ya mamita atatu kapena anayi pabwalo, ndipo dziwani bwino kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera. Mphepo imatchulidwa ndi komwe ikuchokera. Kansalu kakaloza kumadzulo, mphepo ndi ya kum'mawa. Lembani m'mawa ndi masana.

Miyezi yachisanu mphepo imachokera kumwera chakum'mawa. Chilimwe chikakhwima imakhotera kum'mawa ndi kumpoto chakum'mawa, yotentha, yodzutsa akamvuluvulu m'minda yolima kale. Mvula yodalirika imabwera ndi mpweya wochokera ku Congo, womwe umalowa kuno kudzera ku Zambia kuchokera kumpoto chakumadzulo, komanso ndi mzere womwe mphepo za kumpoto ndi za kumwera zimakumanirana, womwe a zanyengo amautchula kuti ITCZ. Choncho mphepo ikafooka n'kuyamba kuchokera kumpoto kapena kumpoto chakumadzulo, usiku kukufunda, khalani tcheru. Palinso kusintha kwina komwe kumasokoneza: patatha masiku otentha kwambiri, mphepo yozizira ya kumwera imatha kulowa mwadzidzidzi. Patsogolo pake pamabuka mabingu amphamvu kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako kumazizira, ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kumachita chiperoni, panyanja pamawomba mwera, ndipo pambuyo pake kumayera n'kuuma. Mvula yoteroyo imaoneka ngati dzinja layamba, chonsecho ayi.

Mitambo iyang'aneni katatu: cha m'ma 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko. Gawani thambo m'maganizo m'zigawo 8 n'kulemba kuti zingati zaphimbidwa. Koma chofunika kwambiri ndi kakulidwe kake. Timitambo toyera tomwe timabadwa m'mawa, tikangokhala taphwatalala n'kumasungunuka, tsikulo mvula n'njokayikitsa. Tikamakwera m'mwamba mpaka kutalika kuposa kutambalala kwake nthawi isanakwane 12 koloko, mitu yake yolimba ngati milu ya thonje pamsika, ndiye kuti mpweya ukukwera mwamphamvu. Mutuwo ukayamba kuyala chammbali n'kukhala wosalala pamwamba, pansi pakuda bii, mtambowo wakhwima ndipo mphezi zayamba kapena zili pafupi. Chizindikiro china chabwino chimaoneka m'mamawa: mizere ya timitambo ta m'mwamba kwambiri tokhala ndi timitu totumphuka. Nthawi zambiri masana ake kumachita mabingu.

Yang'anani kunsi kwa mtambo. Mizere yotuwa yofika pansi ndi mvula. Mizere yolekezera m'malere ndi mvula yomwe ikuuma isanafike pansi, ndipo mu Okutobala imachuluka. Mtambo wotere umabweretsa chimphepo ndi fumbi m'malo mwa madzi, ndipo ndi umene umasasula madenga. Kuti mudziwe komwe mtambo ukulowera, musadalire mphepo ya pansi, chifukwa poyamba imathamangira kumtamboko, kenako n'kutembenuka. Imani malo amodzi, linganizani m'mphepete mwa mtambo ndi ngodya ya nyumba kapena nsonga ya phiri, n'kuyang'ananso pakatha mphindi 10. Mphepo yozizira yonunkhira dothi lonyowa ikakufikani, mwatsala ndi mphindi zochepa zoti muanule chimanga kapena ufa.

Malo anu ali ndi khalidwe lake. Mitambo imayambira pamapiri monga Mulanje, Zomba, Dedza, Viphya ndi Nyika masana, n'kutsikira kuzigwa madzulo. M'mphepete mwa nyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima, mabingu amakonda kubuka panyanja usiku ndi mbandakucha, chifukwa nthawi imeneyo madzi amakhala ofunda kuposa mtunda. Kope la masabata atatu lidzakuonetsani mbali yomwe mvula ya kwanu imadzera.

Zizindikiro za makolo zili ndi malo ake, koma muzidziwa chomwe chilichonse chikunena. Tsamba lofiira la mitengo ya m'nkhalango, kulira kwa nyenje ndi kupsa kwa masuku zimanena kuti nyengo yafika, osati kuti mvula igwa Lachinayi. Achule, abongololo ndi ngumbi amatuluka chifukwa cha chinyezi chomwe chafika kale. Anamzeze ouluka m'munsi ndi nyerere zosamutsa mazira zimagwirizana ndi mpweya wachinyezi wa maola kapena masiku ochepa akubwera. Zilembeni m'kopemo pambali pa manambala, mudzaona nokha zomwe zimakwaniritsidwa kwanuko.

Uthenga wa a zanyengo

Nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imatulutsa mauthenga osiyanasiyana, ndipo kuwasakaniza n'kumene kumakhumudwitsa anthu. Ulosi wa dzinja lonse umatuluka cha mu Seputembala, akatswiri a mayiko a SADC akakumana. Umanena ngati mvula ya miyezi itatu pamodzi ikuyembekezeka kukhala yocheperapo, yapakatikati kapena yochulukirapo poyerekeza ndi ya zaka 30. Umathandiza posankha mbewu, yocha msanga kapena yochedwa, komanso posankha kuika mphamvu kudimba kapena kumunda. Dzinja la 2023/24 unachenjeza za El Niño (kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno), ng'amba inabweradi mu Febuluwale, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Koma ulosi umenewu sunena tsiku lobzala. Alangizi a zaulimi amakhala ndi ulosi wa boma lanu, womwe ndi wothandiza kuposa wa dziko lonse.

Pa masiku akubwera, tsatirani uthenga wa tsiku ndi tsiku ndi wa masiku asanu, womwe umamveka pa MBC, Zodiak ndi mawailesi a m'madera, komanso patsamba la nthambiyi pa Facebook. Mvetserani zinthu zitatu. Choyamba, dera lomwe latchulidwa: chigwa cha Shire, madera okwera, m'mphepete mwa nyanja, kapena chigawo chonse. Chachiwiri, kufalikira kwake: mvula ya apo ndi apo ikhoza kukulambalalani masiku atatu otsatizana popanda wonama, pomwe mvula ya m'madera ambiri ndi nkhani ina. Chachitatu, chomwe chikuyambitsa mvulayo. Akangotchula kutentha ndi mabingu a masana, ndi chizimalupsa. Akatchula mpweya wa ku Congo kapena ITCZ ndipo akunena za masiku angapo otsatizana, konzekerani mbewu.

Mapulogalamu a pafoni monga Yr, Windy ndi AccuWeather amatenga manambala kumakompyuta omwe amagawa dziko m'timabokosi ta makilomita 9 kapena kuposerapo. Mtambo umodzi wa mabingu umatha kunyowetsa dera locheperapo kuposa kabokosi kamodzi, n'kutha ola lisanakwane. Ndiye foni ikalemba mamilimita 4, pena pagwa 30, pena osagwa n'komwe. Ikalemba 60%, ikutanthauza kuti pa masiku 10 ofanana ndi limenelo, 6 kumagwa mvula. Sikunena za kuchuluka kwake kapena maola ake. Pa kutentha ndi mphepo mafoniwa amalondola ndithu. Pa mvula akhulupirireni masiku awiri kapena atatu, mosamala mpaka asanu, ndipo za tsiku la 10 muzingoziona.

Njira yabwino yowagwiritsira ntchito ndi iyi. Musayang'ane tsiku limodzi, phatikizani mvula ya masiku asanu. Yang'anani m'mawa uliwonse kwa masiku atatu ngati nkhani yake ikufanana. Mvula yomwe tsiku ndi tsiku ikukankhidwira kutsogolo ndi yosadalirika. Tsegulani mapu muone ngati mvulayo yayala dera lalikulu kuchokera ku Zambia kudutsa Chipata, Lilongwe mpaka Tete, kapena ndi timadontho tobalalika. Pa chithunzi cha setilaiti, lamba wa mitambo wochokera ku Angola ndi ku Congo kutsetserekera kuno ndi chizindikiro champhamvu. Pomaliza yerekezani ndi mpata uja wa m'kope: pakatha masabata atatu mudzadziwa kuti ndani amalondola kwanuko, ndiponso ngati foni yanu imakokomeza kapena kuchepetsa. Uthenga wongotumizirana pa WhatsApp wopanda deti kapena wopanda dzina la nthambi usiyeni; machenjezo a chaka chatha amazunguliranso chaka chilichonse.

Kubzala kapena kudikira

Apa ndi pomwe ntchito yonseyi imabweza phindu. Mvula yobzalira imayamba kumwera n'kumakwera kumpoto: madera ambiri a kumwera cha pakati kapena kumapeto kwa Novembala, pakati kumapeto kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, kumpoto nthawi zambiri mu Disembala. Mvula yaikulu ya pa 20 Okutobala ku Kasungu ndi ya pa 28 Novembala si zofanana ngakhale chitini chitaonetsa nambala imodzi, chifukwa yoyambayo kawirikawiri imatsatidwa ndi masabata ouma.

Musanatsegule thumba la mbewu, zinthu zitatu zigwirizane. Chitini chionetse mamilimita 25 kapena kuposa m'masiku atatu otsatizana. Nthaka inyowe kufika masentimita 15 mpaka 20. Ndipo uthenga wa masiku asanu uonetse kuti mvula ipitirira. Chachiwiricho musachilumphe, poti mamilimita 30 ogwa m'theka la ola pa nthaka youma gwa, ambiri amathamangira kumtsinje, pomwe 20 a mvumbi amalowa onse. Kumbani mawa lake, osati mvula ikangokata, pamwamba pa mzere pomwe padzakhale phando, malo atatu kapena anayi a munda kuphatikizapo kumtunda. Mudzaona malire pomwe dothi lakuda lonyowa likumana ndi louma. Fumbatani dothi la pansi pa dzenjelo: likagwirana osamwazika mukatambasula dzanja, chinyezi chilipo. Mchenga umanyowa mozama msanga koma umaumanso msanga. Makande amafuna mvula yambiri kuti anyowe, koma akanyowa amasunga.

Chomwe chimapha mbewu ndi ichi. Njere ya chimanga ikamwa madzi imayamba kumera tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ikayamba siingaimenso kudikira. Imatuluka pamtunda pakatha masiku 5 mpaka 7. Dothi la pamwamba likauma panthawiyi, kamuzu kamapsa, ndipo mumatsala ndi munda wa mipata. Ndi chifukwa chake obzala pouma amaopa mvula ya mamilimita 8 kapena 10 kuposa kusagwa kwa mvula: imakwana kufufumitsa njere koma siikwana kuisunga. Wobzala pouma akwirire mozama pang'ono kuposa masentimita 5 a nthawi zonse kuti kamvula kochepa kasaifike. Soya ndi mtedza sizipirira ngati chimanga, ndipo mankhwala opaka ku mbewu ya soya othandiza mizu kupanga chonde amafa m'dothi lotentha louma. Zimenezi zidikire chinyezi chokhazikika.

Kudikira mopitirira nakonso kumadya zokolola. Mvula zoyamba zimamasula chonde m'nthaka, ndipo mukachedwa chondecho chimapita ndi madzi kapena kudyedwa ndi udzu. Zinthu zitatu zija zikagwirizana nthawi yake itakwana, bzalani m'masiku awiri kapena atatu. Ziwiri zokha zikagwirizana, bzalani gawo limodzi mwa magawo atatu a munda, poyambira pomwe pamasunga chinyezi, ndipo sungani mbewu yopakizira. Mukabzala pitirizani kuwerenga masiku ouma, tsiku lililonse losakwana milimita imodzi muziliwerenga ngati louma. Akafika 10 mbewu zikadali zazing'ono, kawerengeni mapando omera pa mizere ingapo musanaganize zopakiza kapena kubzalanso, ndipo yang'anani m'mitima ya chimanga, chifukwa ntchemberezandonda zimaononga kwambiri nthawi ya ng'amba.

Uthenga womwewu ugwiritseni ntchito pa feteleza ndi mankhwala. Feteleza pa dothi louma amatha kuwotcha mizu, wothira chimvula chili pafupi amakokoloka. Urea wosiyidwa pamtunda padzuwa amauluka, mukwirireni. Mankhwala opopera amafuna maola angapo opanda mvula monga alembera pabotolo, choncho poperani m'mawa mame akangouma, mitambo isanakwere.

Mphezi, mitsinje ndi nyanja

Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akakhala osakwana 30, mtambo uli mkati mwa makilomita 10 ndipo chiphaliwali chingakufikeni. Siyani khasu, chokani pansi pa mtengo, pachulu, pabwalo la mpira ndi m'madzi, lowani m'nyumba kapena m'galimoto yotseka. Chisakasa cha m'munda sichiteteza. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Munthu woombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi, mugwireni ndi kumuthandiza msanga.

Madenga amangidwe Okutobala asanathe: misomali yomasuka, malata a m'mphepete ndi mitengo yodyedwa ndi chiswe ndi pomwe mphepo imayambira. Namondwe amakonda Januwale mpaka Malichi, monga Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, koma Chido anafika ku Malawi pakati pa Disembala 2024, choncho chenjezo la namondwe lingabwere mbewu zikadali zazing'ono. Asodzi a usipa amve za mwera ndi mpoto asanakankhe bwato madzulo, ndipo mphezi zikamang'anima pakati pa nyanja usiku asayembekeze kuti mphepo iwapeze kaye.

Mtsinje umatha kudzadza pomwe kwanuko sikunagwe dontho. Okhala m'munsi mwa mapiri, m'mbali mwa Ruo, Mwanza, Likangala kapena North Rukuru, aziyang'ana mitambo ya kumtunda komwe mtsinje ukuchokera, ndipo ndi bwino kugwirizana ndi munthu wa kumtundako yemwe ali ndi chitini chake kuti aziimba foni kukagwa yambiri. Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Madzi akasanduka ofiira, akuyamba kunyamula zinyalala ndi nthambi, kapena mukumva mkokomo kumtunda, chotsani ana ndi ziweto m'khwawa, ndipo musawoloke mpaka mutaonanso miyala kapena zikhomo zomwe mumazidziwa pa doko limenelo.